Khutuba ya Lachisanu: Chilonda Chimapolera Pakhomo

Fíngoè, boma la Marávia, chigawo cha Tete. Mwezi wa Okutobala.

KHUTUBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, amene adaumba thupi la munthu naika m'menemo mphamvu yoti mnofu wodulidwa ulumikizanenso, amene amalola matenda mwa nzeru Zake ndi kupereka machiritso mwa chifundo Chake. Tikumutamanda pa nthawi ya thanzi ndi pa nthawi ya kudwala. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira mpaka tsiku lachiweruzo.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ndi kukulangizani inu nonse kumuopa Allah poyera ndi mseri, mumzikiti ndi m'nyumba zathu momwe.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, uno ndi mwezi umene zipatala za dziko lathu zimautcha Outubro Rosa, mwezi wokumbutsa anthu za khansa ya m'mawere. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2022 amayi okwana 2.3 miliyoni adapezeka ndi matendawa, ndipo 670,000 adamwalira nawo. M'dziko la Mozambique, pa mitundu ya khansa yogwira amayi, iyi ndi yachiwiri. Yoyamba ndi ya khomo la chiberekero. Abambonso musadziyese opulumuka, pakuti pa odwala 100 alionse mmodzi amatha kukhala mwamuna. Anamwino akulankhula kale za kufunika kothamangira kuchipatala munthu akangomva kabulu m'bere kapena m'khwapa, ndipo ife tikugwirizana nawo. Koma lero tikufuna kulankhula za zimene zimachitika pambuyo pake: tsiku limene mayi wochitidwa opaleshoni atsika chapa yochokera ku Tete, ali ndi bandeji pachifuwa, n'kulowa pakhomo pake. Dokotala ntchito yake waimaliza m'maola ochepa. Ntchito yotsala ndi ya miyezi, ndipo ili m'manja mwathu.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene mpeni wachita. Dokotala amachotsa chotupa chokha kapena bere lonse, ndipo kawirikawiri amachotsanso tizigawo tina ta m'khwapa, tija timatupa tikakhala ndi mwanabere, chifukwa khansa imadzera m'menemo pofalikira. Tizigawo timeneti ndi timene timakhetsa madzi a mumkono. Tikachotsedwa, mkono wa mbali imeneyo umasanduka ngati dimba lopanda ngalande: madzi akhoza kudikha, mkono n'kutupa. Pachilonda amasiyapo kapaipi kotulutsa madzi ndi magazi kwa masiku angapo, nthawi zina mpaka masabata awiri. Phewa limauma, khungu limachita dzanzi, thupi lonse limalefuka. Zonsezi si ulesi, ndiponso si chizindikiro choti wina wamulodza.

Wina asanene kuti opaleshoni yotere ndi yachilendo kwa Asilamu. Abu al-Qasim al-Zahrawi, dokotala wa ku Córdoba amene adamwalira cha m'ma 1013, adalemba za kuchotsa khansa ya m'bere m'buku lake la al-Tasrif, ndipo adaphunzitsa kuti mpeni umathandiza chotupa chikadali chaching'ono. Mtumiki wathu (s.a.w.) adalamula kuti odwala azifunafuna mankhwala, ndipo adadziwitsa maswahaba kuti Allah sadatsitse nthenda popanda kutsitsanso mankhwala ake. Ngakhale Mneneri Ayyub (a.s.), chitsanzo cha kupirira, atamva Allah pempho lake adamulamula kuti aponde pansi ndi phazi lake, asambe ndi kumwa madzi amene adatumphuka, monga tikuwerengera mu Surat Swad. Machiritso adachokera kwa Allah, koma Ayyub adayenera kusuntha phazi. Tawakkul yeniyeni ndiyo imeneyo: kuchita mbali yathu, mtima uli kwa Mwini wake.

Tsopano tione mtolo umene chipembedzo chimamutula mayi ameneyu.

Swala siichoka pa iye, koma imapepuka. Imran bin Husayn (r.a.) atadwala adafunsa Mtumiki (s.a.w.) za kaswalidwe, ndipo adamuuza kuti aswali choimirira, akalephera aswali chokhala, akalepheranso aswali atagona chammbali. Choncho mayi amene chilonda chikumukoka akawerama aswali chokhala, n'kumaweramitsa mutu pa rukuu, ndi kuweramitsa kwambiri pa sijida. Kukweza manja pa takbira ndi sunna; akweze pamene mkono ukufika, asaukakamize. Chifuwa si chiwalo cha udhu, motero udhu wake ndi wa masiku onse, ndipo pa mazihabu a Imam Shafi'i magazi otuluka pachilonda sathetsa udhu.

Pa kusamba kwa thupi lonse, kaya potsiriza masiku a kumwezi kaya pa janaba, asanyowetse chilonda dokotala asanalole. Asambe mbali zabwino za thupi, apake dzanja lonyowa pamwamba pa bandeji, ndipo m'malo mwa mbali yodwalayo achite tayammamu ndi dothi loyera, imene Allah adaikhazikitsa mu Surat al-Ma'ida. Jabir (r.a.) adasimba za munthu wina amene adavulala kumutu ali pa ulendo. Anzake adamuuza kuti alibe chilolezo chosiya madzi. Adasamba, ndipo adamwalira. Mtumiki (s.a.w.) atamva adakwiya kwambiri, nawaimba mlandu wa imfa yake, chifukwa adalamula pa chinthu chimene sankachidziwa m'malo mofunsa. Amayi akuluakulu amene mumalangiza anzanu, gwirani nkhani iyi. Langizo loipa limapha, ngakhale litatuluka m'kamwa mwa munthu wokonda Mulungu.

Ramadhani ikamupeza akadali pa chithandizo, Surat al-Baqara idamupatsa chilolezo chomasula ndi kudzabweza masikuwo atachira. Ngati dokotala wanena kuti kusala kudzamuvulaza mpaka kalekale, adyetse wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Kulandira chilolezo cha Allah si kufooka kwa chikhulupiriro. Ndiponso kuonedwa ndi dokotala wamwamuna pamene wamkazi palibe si tchimo, pakuti malamulo athu amalola zimene moyo ukufunikira. Mwamuna woletsa mkazi wake kukaonetsa chilonda chifukwa cha nsanje adziwe kuti akuika moyo wa munthu pansi pa mtima wake.

Alongo athu amene mwadutsa pa mpeni, ndi inu amene mukawauze mawuwa kunyumba, thupi ndi amana, chinthu chimene Allah adatisungitsa. Kulisunga kwake n'kotere. Pachilonda pakhale pouma ndi paukhondo, ndipo wogwirapo ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Pasapakidwe phulusa, mizu yosinja kapena mafuta alionse amene chipatala sichidanene, ndipo pasatemeredwe mphini. Kuwerengera wodwala ma aya a Qur'an ndi kumuchitira dua n'kwabwino, koma kumayendera limodzi ndi mankhwala, sikulowa m'malo mwake. Musagone tsiku lonse. Kuyenda pang'ono pabwalo kuyambira masiku oyambirira kumateteza magazi kuundana m'miyendo. Mkono wa mbali yochitidwa opaleshoni muuyendetse monga adakuonetserani kuchipatala: kufumbata ndi kutambasula zala, kupinda chigongono, kuzunguza phewa, kenako kukwawitsa zala pakhoma, lero apa, mawa kumtunda pang'ono. Mkono woubisa m'nsalu chifukwa cha mantha umauma. Pogona muutsamiritse pa pilo. Muuteteze ku minga, ku moto wa pamafuwa ndi ku mpeni wa kukhitchini, chifukwa kabala kakang'ono pa mkono umenewo kamayambukira msanga. Mukapita kuchipatala pa vuto lina, auzeni anamwino mbali imene mudachitidwa opaleshoni, kuti ngati n'kotheka abaye kapena kuyeza kuthamanga kwa magazi pa mkono winawo.

Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche kawiri: thupi kutentha kufika madigiri 38, chilonda kufiira ndi kutentha, mafinya kapena fungo, magazi osaleka, ulusi kumasuka, mkono kapena mwendo kutupa mwadzidzidzi, kubanika popuma. Chimodzi mwa izi chikaoneka, mtengereni ku chipatala cha pano pa Fíngoè tsiku lomwelo, atanyamula mapepala ake onse. Kutentha thupi tisangokutcha malungo n'kukagula mapiritsi pamsika, makamaka kwa amene wayamba kulandira mankhwala a khansa, pakuti chitetezo cha thupi lake chimakhala chitatsika.

Tsopano tikutembenukira kwa inu abambo, amene mwadzaza mizere yakutsogoloyi.

Mtolo umene Allah wamutula mkazi wanu sudatayidwe kutchire. Waikidwa pa mapewa anu. Madokotala amaletsa kunyamula zolemera kwa masabata 4 mpaka 6, ndipo kwa ena nthawi imapitirira. Taganizani za ntchito za mayi wa kuno m'mwezi uno, pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo zitsime zapafupi zaphwa. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo kuti chifike pamutu manja onse awiri ayenera kukwera. Munsi wosinjira umakoka chifuwa. Khasu losesera munda mvula isanagwe limakoka chifuwa. Mtolo wa nkhuni, kufinya zovala, mwana wa kumsana, zonsezi zimakoka pomwe pali ulusi. Ngati mwamuna akhala pansi pa mtengo wa mango kudikira nsima, mkaziyo adzadzuka, chifukwa amayi athu sapirira kuona ana ali ndi njala. Ndipo chilonda chikatseguka, mlandu wake udzafunsidwa kwa amene adali ndi manja awiri abwino.

Mwina wina akuti mumtima mwake, kutunga madzi ndi kusonkha moto si ntchito ya mwamuna. Mverani za Uthman bin Affan (r.a.). M'mwezi wa Ramadhani wa chaka chachiwiri cha Hijra, chomwe ndi 624, Asilamu adatuluka kupita ku Badr, nkhondo yolemekezeka kuposa zonse m'mbiri yathu. Uthman sadapite. Mkazi wake Ruqayya (r.a.), mwana wa Mtumiki (s.a.w.), ankadwala, ndipo Uthman adatsala ku Madina kumudwazika mpaka adamwalira. Mtumiki (s.a.w.) adamuuza kuti ali ndi malipiro ndi gawo la munthu amene adamenya nawo nkhondoyo. Taonani muyeso wa Chisilamu: kukhala pambali pa mphasa ya mkazi wodwala kudaikidwa pa sikelo imodzi ndi kuima pa Badr. Ndipo mayi wathu Aisha (r.a.) atafunsidwa zimene Mtumiki (s.a.w.) ankachita m'nyumba, adayankha kuti ankatumikira a pabanja pake, nthawi ya swala ikakwana n'kutuluka. Ndani mwa ife ali wolemekezeka kuposa iye kuti chidebe chimuchotsere ulemu?

Mudyetseni bwino, pakuti mnofu umamangidwa ndi chakudya. Allah adatidalitsa ndi nyemba, mtedza, mazira, nkhuku, masamba a m'dimba, ndi nsomba za m'nyanja ya Cahora Bassa, kapenta ndi pende. M'masabata amenewa nthuli yabwino ipite m'mbale ya wodwala. Fodya asasutidwe m'nyumba imene iye akugona, ndipo agone m'masikito. Ngati amamwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, asalekeze.

Koma pali chilonda china chimene bandeji siifikapo. Mayi amene wachotsedwa bere amadziyang'ana n'kudzifunsa ngati akadali mkazi pamaso pa mwamuna wake. Yankho amaliwerenga pankhope panu musanatsegule pakamwa. Tikumva za abambo amene amasamuka pamphasa, amene amabweza mkazi kwa amayi ake ngati katundu wowonongeka, amene amayamba kukamba za mitala ulusi usanachotsedwe. Muopeni Allah! Khansa si matenda opatsirana. Siyambukira pogwirana, podyera mbale imodzi, ngakhale pokhala malo amodzi monga banja. Surat an-Nisa ikulamula kukhala ndi akazi mwa ubwino, ndipo lamulolo silidaike malire akuti pokhapokha thupi lili lathunthu. Bere limene lachotsedwalo ndi lomwe lidayamwitsa ana otchedwa ndi dzina lanu. Ana nawonso amve: akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Inu ankhoswe ndi atsibweni, mukaona banja lotere likugwedezeka, musadikire kuti mlandu ukupezeni, pitani mukalimbitse.

Mayi akafuna kusoka kansalu kofewa koika thonje m'kati kuti chovala chikhale bwino pachifuwa, chilonda chitapola, palibe choletsa. Arfaja bin As'ad (r.a.) adadulidwa mphuno pa nkhondo, ndipo Mtumiki (s.a.w.) adamulola kuika ya golide. Kubwezeretsa chimene matenda adachotsa si kusintha chilengedwe cha Allah.

Tikunena mawu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah, Mthandizi wa ofooka. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Akapolo a Allah, chilonda chikapola kunja anthu ambiri amayesa kuti nkhondo yatha. Apa ndi pamene timataya alongo athu. Opaleshoni imachotsa chimene diso ndi dzanja la dokotala zapeza, koma timbewu ta khansa tosaoneka tikhoza kutsalira m'thupi. N'chifukwa chake ambiri amalemberedwa chithandizo chotsatira. Ena amalandira mankhwala olowetsa m'mitsempha, amene kuchipatala amawatcha quimioterapia, kawirikawiri pakatha masabata atatu alionse kwa miyezi ingapo. Amathothola tsitsi ndi kuchititsa nseru, koma tsitsilo limameranso. Ena amatumizidwa ku makina owotcha khansa, radioterapia, amene adatsegulidwa ku Hospital Central de Maputo m'chaka cha 2019. Ena amapatsidwa mapiritsi monga tamoxifen, omwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 kapena kuposerapo. Pa nthawi ya mankhwala amenewa mayi sayenera kutenga pathupi, ndipo banja likambirane ndi achipatala za njira yoyenera. Wolekeza chithandizo pakati chifukwa akumva bwino ali ngati mlimi amene wapalira theka la munda n'kupachika khasu.

Tikudziwa chimene chimalepheretsa ambiri: si kusamvera, koma ulendo. Kuchoka kuno kukafika ku Hospital Provincial de Tete n'kutali, ndipo kuchoka ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Pamafunika ndalama ya chapa ya anthu awiri, chakudya ndi pogona. Mvula ikayamba, misewu yathu mukuidziwa. Banja limodzi silingathe, ndipo mutu umodzi susenza denga.

M'chaka chachisanu cha Hijra, pa nkhondo ya Khandaq, Sa'd bin Mu'adh (r.a.) adalasidwa muvi pamkono. Mtumiki (s.a.w.) adalamula kuti aikidwe mu hema ya Rufayda al-Aslamiyya (r.a.), mayi wodziwa kusamalira mabala, ndipo hemayo idali mumzikiti, kuti azimuzonda pafupi. Mzikiti wa ku Madina udali ndi malo a odwala. Ifenso tisatuluke pakhomo ili lero tisanagwirizane zinthu zitatu.

Choyamba, akomiti ya mzikiti akhazikitse thumba la maulendo a odwala, lolembedwa bwino m'kaundula. Surat at-Tawba idatchula osauka ndi apaulendo osowa pakati pa oyenera kulandira zakaat. Amalonda a pamsika, alimi amene mwagulitsa zokolola, meticais amene mungaponye m'thumbali akhoza kukhala kusiyana kwa mayi womaliza chithandizo ndi mayi wotsala panjira.

Chachiwiri, amayi a jamaa agawane masiku: uyu madzi Lolemba, uyu nkhuni Lachiwiri, uyu kusinja, uyu kuchapa. Anyamata a madrasa atenge makasu akasose munda wa banjalo mvula isanagwe, kuti matenda a chaka chino asabale njala ya chaka chamawa. Mmodzi wodziwa kuwerenga Chipwitikizi asunge tsiku la consulta ndi kuona kuti mapepala ndi kalata yotumizira wodwala zili malo amodzi. Ndipo izi tisachitire Asilamu okha. Ambiri mwa anansi athu pano pa Fíngoè ndi Akhristu ndi a zipembedzo zina, ndipo mnansi ali ndi ufulu wake pa ife chifukwa cha unansi womwewo.

Chachitatu, tisunge malilime. Kuzonda wodwala ndi umodzi mwa maufulu a Msilamu pa Msilamu mnzake, ndipo mu hadisi imene adailandira Imam Muslim tikuphunzira kuti pa tsiku lachiweruzo Allah adzadzudzula kapolo amene sadazonde wodwala, namuuza kuti akadapita akadampeza Iye pamenepo. Koma kuzonda kuli ndi mwambo wake. Khalani pang'ono, musatopetse wodwala. Musapemphe kuona chipsera. Musamusimbire za uje amene adachitidwa opaleshoni yomweyo n'kumwalira. Musafunse kuti adalakwira ndani, pakuti matenda si chilango cha tchimo lobisika ndipo si ntchito ya mfiti. Aneneri, okondedwa a Allah, adadwala kuposa ife. Zimene mwaona m'nyumbamo zisakafike kuchitsime kapena pa WhatsApp. Surat al-Hujurat idaletsa kunyozana, kupatsana maina achipongwe ndi miseche. Wopatsa mayi dzina chifukwa cha chiwalo chimene wataya akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo dziwani kuti mayi mmodzi akanyozedwa, ena khumi amene amva kabulu m'bere adzakabisa mpaka nthawi itatha. Koma mayi mmodzi akachira bwino pakati pathu, akulemekezedwa ndi mwamuna wake, ena adzalimba mtima kupita kuchipatala msanga.

Inu alongo athu amene muli pa mayeso amenewa, Mtumiki (s.a.w.) adatiphunzitsa kuti palibe kutopa, ululu kapena chisoni chimene chimagwera wokhulupirira, ngakhale munga womubaya, popanda Allah kumufafanizira nacho machimo. Misozi siithetsa kupirira. Kulandira thandizo si manyazi. Mwatumikira anthu zaka zambiri, lolani kuti nawonso apeze malipiro kudzera mwa inu.

O Allah, dalitsani ndi kupereka mtendere kwa Mtumiki Wanu Muhammad ndi akubanja kwake. O Allah, chiritsani odwala athu ndi odwala a anansi athu, poletsani zilonda zawo ndi kubweza mphamvu m'mikono yawo. O Allah, ongolani manja a madokotala ndi anamwino, ndipo fewetsani mitima ya abambo kwa akazi awo. O Allah, tsegulani njira kwa amene alibe ndalama ya ulendo, ndipo tichiteni ife kukhala njirayo. Chitirani chisoni amene adatsogola, tipatseni mvula ya madalitso, ndipo sungani dziko lathu la Mozambique mu mtendere. Ameen.

Akapolo a Allah, mukumbukireni Allah ndi kumuthokoza pa mtendere Wake. Imirirani tiswali.